Funsani Malume: "Nanga bamboyo bwanji sanangothawa ndi ana ake?"

FUNSO: Malume, ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Matawale konkuno ku Zomba. Mwana wanga wamkazi ali folomu 4 ndipo masiku ano History yamulowa m'magazi, nde tsiku lina tikusenda mbatatesi akundiuza za mtsikana wina wachiyuda dzina lake Anne Frank amene akuti anabisala ndi makolo ake m'nyumba zaka ziwiri kuopa Hitler koma mapeto ake anagwidwabe. Ine ndinangoti bambo akewo anali ogona, munthu ukuona moto ukubwera ungatsekere ana m'nyumba m'malo mothawa nawo? Anzathu a ku Mozambique nthawi ya nkhondo ija ankangobereka ana n'kuwoloka malire basi. Pano mwanayo wandikwiyira akuti sindikudziwa kanthu. Tatiuzani akunena zoona ndani, ndipo banjalo linatha bwanji?

YANKHO: Mayi, pepani, ulendo uno mwana wakupambanani, mumugulire kaya ndi zitumbuwa mugwirizane. Koma funso lanulo silopusa ayi, ambiri amafunsa lomwelo. Chimene simunauzidwe nchakuti bamboyo anathawa, ndipo anathawa msanga kuposa anzake ambiri. Nyumba anagwidwiramoyo inali kale kudziko la eni.

A Otto Frank anali Mjeremani weniweni wa mumzinda wa Frankfurt, anabadwa mu 1889, ndipo pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse anamenyera nkhondo dziko la Germany lomwelo mpaka kupatsidwa udindo wa lefutenanti. Akazi awo a Edith anali a ku Aachen. Ana awiri, Margot wobadwa 1926 ndi Anne wobadwa pa 12 June 1929. Hitler atangotenga boma mu January 1933 bamboyu sanadikire kuti aone kaye, chaka chomwecho ananyamuka kupita ku Amsterdam m'dziko la Netherlands kukatsegula kampani yotchedwa Opekta yogulitsa ufa wolimbitsira jamu, banja linawatsatira, Anne anafika komaliza mu February 1934. Ndiye mwaona, malamulo a ku Nuremberg a 1935 olanda Ayuda unzika wokwanira ndi kuwaletsa kukwatirana ndi Ajeremani ena anawapeza atachoka kale. Usiku wa pa 9 November 1938 umene anaotcha masunagoge ndi kuswa mashopu a Ayuda m'dziko lonse la Germany unawapezanso ali kunja. Munthu ameneyu mungamutchule wogona?

Ndipo kusankha Netherlands kunali kwanzeru pa nthawiyo chifukwa pa nkhondo yoyamba ija dzikoli silinalowerere, aliyense ankati ulendo unonso alisiya. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Pa 10 May 1940 asilikali a Germany analowa, masiku asanu okha dziko lagonja. Amene anathawa Hitler anadzuka m'mawa n'kupeza Hitler wawalondola pakhomo.

Tsopano apa mpamene chitsanzo chanu cha ku Mozambique chikutsimphina. Ife kuno munthu ukakwera boti pa Kachulu n'kuwoloka nyanja ya Chilwa, kapena kudzera ku Nayuchi, wafika dziko lina, ndipo tsidya linalo ukapezako achibale olankhula Chilomwe kapena Chinyanja ngati iwe, mfumu ikupatsa pomanga chisakasa. Nchifukwa chake Malawi inakwanitsa kusunga anthu pafupifupi 1 miliyoni othawa nkhondo ya ku Mozambique. Koma tayang'anani mapu a m'buku la mwana wanulo. Netherlands kum'mawa kwake ndi Germany, kum'mwera ndi Belgium amenenso anali m'manja mwa Germany, kupitirira apo France chimodzimodzi, kumadzulo ndi kumpoto nyanja yamchere yolonderedwa. Dzikolo ndi lathyathyathya ngati bwalo la mpira, kulibe phiri ngati lathu la Zomba kapena nkhalango yoti ungalowemo n'kusowa. Ndiye boma lakenso linali lolongosoka zedi pa nkhani ya kaundula, dzina, adiresi, chipembedzo zonse zili m'mafayilo, moti Ajeremani atalamula mu January 1941 kuti Ayuda onse alembetse ntchito inangoyenda myaa, kenaka pa chitupa cha Myuda aliyense anadindapo chilembo cha J. Kulongosoka kumene timasirira kwa azunguko nkumene kunawagwiritsa.

Njira yotsala inali ya mapepala, ndipo pamenepa ndikufuna tikhalepo pang'ono chifukwa mpamene pagona nkhani. A Otto analembetsa viza ya ku America mu 1938 ku ofesi ya kazembe mumzinda wa Rotterdam. America nthawi imeneyo inali ndi malire akuti pachaka ilandira anthu 27,370 okha obadwira ku Germany ndi Austria, pomwe pamzere panali anthu okwana ngati 300,000, werengani nokha kuti ndi zaka zingati zimenezo. Akudikira choncho, pa 14 May 1940 ndege za Germany zinaphulitsa Rotterdam, ofesi ija inapsa pamodzi ndi mapepala onse. Kuyambiranso. Mu April 1941 analembera mnzawo wakalekale wa ku New York, a Nathan Straus Jr., munthu wolemera komanso wodziwana ndi akuluakulu a boma, kupempha kuti awathandize ndi ndalama ya chikole yokwana madola 5,000. Alamu awo awiri, azichimwene a mayi Edith, anali atafika kale ku America ndipo nawonso anayesetsa kusaina makalata olonjeza kuti adzawasamala. Koma chofunika sichinali chimodzi: kalata ya wokusunga, tikiti ya sitima yapamadzi yolipira kale, chilolezo chotulukira, viza yodutsira m'mayiko a m'njira ngati Spain ndi Portugal, ndipo pepala lililonse linali ndi tsiku lake lothera mphamvu moti ukamapeza lachinayi loyamba lija latha kale. Amene munayamba mwaimapo pamzere pa ofesi ina yake kuyambira mbandakucha n'kuuzidwa madzulo kuti fomu yanu yasowa mubwere mawa, mukudziwa kamtima kake, kungoti apa "mawa" lake linali moyo wa ana. Pakati pa 1941 maofesi a kazembe wa America m'madera onse olamulidwa ndi Germany anatsekedwa. Bamboyu sanagwe ulesi, anatembenukira ku Cuba, viza inatulukadi pa 1 December 1941 koma ya munthu mmodzi, iwo okha, ndipo patangotha masiku khumi Germany inalengeza nkhondo ndi America, viza ija inafafanizidwa. Mvula ikakuona litsiro siikata.

Musaganize kuti linali tsoka la banja limodzi. Mu July 1938 mayiko 32 anakumana ku Evian m'dziko la France kukambirana za Ayuda othawa, aliyense anaimirira kunena mawu achisoni kenaka n'kufotokoza chifukwa chimene kwawo kulibe malo, kupatula Dominican Republic imene inalonjeza kulandira ambiri. Mu May 1939 sitima yotchedwa St. Louis inanyamuka ku Hamburg ndi anthu 937, pafupifupi onse Ayuda, Cuba inawakana kupatulako ochepa, America inawakana magetsi a mumzinda wa Miami akuwaona ndi maso, inabwerera ku Ulaya, ndipo 254 mwa anthu amenewo anadzaphedwa. Ine ndikamawerenga zimenezi mkwiyo wanga supita kwa a Otto ayi, umapita kwa anthu a mataye amene ankadinda "takana" kenaka n'kupita kukadya nkhomaliro. Ndipo tisamaloze azungu okha, akuluakulu a kuno akukumbuka 1972 pamene a Mboni za Yehova anathawira ku Sinda Misale ku Zambia chifukwa cha nkhani ya makadi a chipani, pasanathe nthawi anabwezedwa konkuno. Kukula kwa nkhanizi nkosiyana kutalitali, sindikuziyika pa sikelo imodzi, ndikungoti kuthawa kumafuna kuti tsidya linalo wina atsegule chitseko.

Tibwerere ku Amsterdam. Malamulo ankabwera pang'onopang'ono ngati kudontha kwa denga. Ana achiyuda achoke m'masukulu a anzawo, Myuda asakhale ndi bizinezi (a Otto anachenjera, analembetsa kampani m'mayina a anzawo odalirika), kuyambira May 1942 aliyense asokere nyenyezi yachikasu pa chovala, apereke njinga, asakwere thiramu (sitima yoyenda m'misewu ya mumzinda), azigula zinthu kuyambira 3 mpaka 5 koloko masana basi, 8 koloko usiku akhale ali m'nyumba. Pa 5 July 1942 kunabwera kalata yoitana Margot, mtsikana wa zaka 16, kuti akagwire ntchito ku Germany. Msinkhu wa mwana wanu wa folomu 4 yo mayi. Inu mukanamupereka? M'mawa mwake pa 6 July banja lonse linatuluka kukugwa mvula, atavala zovala zambirimbiri mophatikiza chifukwa Myuda wonyamula sutikesi akanagwidwa pompo, kunyumba anasiya zinthu mbwee ndi kapepala kosokeretsa kuti anthu aziti athawira kunja, ndipo mphekesera inafaladi yoti apita ku Switzerland komwe kunkakhala mayi awo a Otto.

Kobisalako kunali kuseri kwa ofesi ya kampani yawo, pa nambala 263 mumsewu wa Prinsengracht, tizipinda ta m'mwamba tomwe khomo lake anadzalitchinga ndi shelefu ya mabuku yotseguka ngati chitseko. Munali anthu asanu ndi atatu: a Frank anayi, a Hermann van Pels ndi akazi awo a Auguste ndi mwana wawo Peter, ndi dokotala wa mano a Fritz Pfeffer, onsewa othawa ku Germany. Masiku 761 osaponda panja. Masana pansi pake pankagwira ntchito anthu osadziwa kanthu nde kunalibe kuyenda ndi nsapato, kutsokomola mokweza, olo kugejemula chimbudzi pa nthawi yolakwika. Ife tikangokhala m'nyumba masiku awiri chifukwa cha mvula ya mu February timayamba kulumana, nanga zaka ziwiri, mabanja awiri ndi mlendo, chakudya chake nyemba zouma ndi mbatatesi zoyamba kuola. Amene ankawadyetsa anali antchito a mu ofesimo, a Miep Gies ndi amuna awo a Jan, a Victor Kugler, a Johannes Kleiman, a Bep Voskuijl ndi bambo awo amene anakhoma shelefu ija. Ankasaka makuponi a chakudya mwakabisira tsiku ndi tsiku akudziwa kuti akagwidwa nawonso apita. Ndipo kunja kunali anthu ena a dziko lomwelo amene ankalipidwa ndalama pa Myuda aliyense amene amuulula, mtengo wake unayambira pa magiluda (ndalama ya dzikolo nthawi imeneyo) 7.50 pamutu.

Pulani ya a Otto inali yoti apirire mpaka nkhondo ithe, ndipo inatsala pang'ono kutheka, ichi nchimene chimandipweteka. Pa 6 June 1944 anamva pa wailesi kuti asilikali a Britain, America ndi Canada afika ku Normandy m'dziko la France, bamboyo n'kumabaya timapini pa mapu kukhoma kutsatira mmene akuyandikira. Pa 4 August 1944 m'mawa kunafika apolisi motsogozedwa ndi Karl Silberbauer wa ku Austria, analunjika pa shelefu paja. Mpaka lero ofufuza amatsutsana ngati alipo anawaulula kapena apolisiwo anabwerera nkhani ina ya makuponi n'kuwapeza mwangozi. Silberbauer pofuna poika ndalama ndi ndolo anatenga chikwama n'kukhutulira pansi zomwe zinalimo, zinali zolemba za Anne, ndipo anazisiya pomwepo poona ngati zinyalala. A Kugler ndi a Kleiman anamangidwanso koma anapulumuka.

Anawatengera ku msasa wa Westerbork. Imvani izi: msasa umenewu unamangidwa mu 1939 ndi boma la Netherlands kuti muzikhala Ayuda othawa ku Germany, malo othawirako, ngati mmene tinganenere Dzaleka ku Dowa, ndipo Ajeremani atafika anangoupeza uli kale ndi anthu ake ndi mayina awo, mu 1942 n'kuusandutsa pokwerera sitima zopita kokaphedwa. Pa 3 September 1944 onse asanu ndi atatu anakwezedwa m'mabogi onyamulira ng'ombe, anthu 1,019, ulendo wa masiku atatu kupita ku Auschwitz m'dziko la Poland. Imeneyo inali sitima yomaliza kuchoka ku Westerbork kupita ku Auschwitz. Yomaliza mayi. Tsiku lomwelo asilikali a Britain ankalowa mu Brussels, likulu la dziko loyandikana nalo.

Pofika anawalekanitsa amuna kwaokha akazi kwaokha, ndipo a Otto sanawaonenso akazi awo ndi ana awo. Ana osakwana zaka 15 ambiri ankapita nawo molunjika ku zipinda za mpweya wa poizoni, Anne anali atangokwanitsa 15 mu June nde anapatulidwira ku ntchito ya kalavulagaga. A Hermann van Pels anaphedwa ndi mpweyawo patangopita masabata ochepa. Chakumayambiriro kwa November atsikana awiriwo anasamutsidwira ku msasa wa Bergen-Belsen mkati mwa Germany, mayi awo anatsala ku Auschwitz ndipo anamwalira ndi njala ndi matenda pa 6 January 1945, kutatsala masabata atatu kuti asilikali a Soviet Union amasule msasawo pa 27 January. A Pfeffer anafera ku msasa wa Neuengamme pa 20 December 1944. Ku Bergen-Belsen kunalibe zipinda za poizoni koma kunali njala, kuzizira ndi matenda a typhus ofala ndi nsabwe, Margot anayamba kumwalira, Anne n'kutsatira patangopita masiku ochepa, cha mu February kapena March 1945, ndipo anakwiriridwa m'dzenje limodzi ndi anthu ena miyandamiyanda, manda awoawo palibe. Asilikali a Britain anafika pa 15 April. A Auguste anafera m'njira akusamutsidwa mu April, Peter anafera ku Mauthausen mu May msasawo utangomasulidwa kumene.

Anatsala a Otto okha. Anapulumuka chifukwa anali m'chipinda cha odwala pomwe alonda ankathawa n'kukusa onse otha kuyenda. Anazungulira kudzera ku Odessa, sitima yapamadzi mpaka Marseille, n'kufika ku Amsterdam pa 3 June 1945. Za akazi awo anamva ali m'njira, koma za ana ankayembekezabe, kufunsa aliyense wobwerako, kuika chidziwitso m'nyuzipepala, mpaka mu July pamene anakumana ndi amayi awiri apachibale amene anali nawo limodzi atsikanawo ku Bergen-Belsen. Apa mpamene a Miep anatsegula dilowa n'kutulutsa mapepala aja anatola pansi, anali asanawawerenge, ankasungira mwiniwake kuti akadzabwera adzamupatse. Anasindikizidwa ngati buku mu 1947, nchifukwa chake mwana wanu ku Matawale akulidziwa dzina la mtsikanayu pomwe ana ena achiyuda okwana ngati 1.5 miliyoni amene anaphedwa sitiwadziwa olo dzina. Ku Netherlands kokha, mwa Ayuda 140,000 anatengedwa 107,000, anabwerako ngati 5,000. A Otto anakhala mpaka 1980, anamwalirira ku Switzerland, a Miep anamwalira mu 2010 ali ndi zaka 100.

Kanthu kena koti mukamuuze mwanayo kuti nanunso muoneke odziwa: dokotala wa mano uja anali ndi mwana wamwamuna dzina lake Werner, ndipo mu 1938 anamukweza yekha kupita ku England pa ndondomeko imene Britain inalandira ana pafupifupi 10,000 koma opanda makolo awo. Mwanayo anapulumuka, bambo ake sanawaonenso. Chitseko chimene chinali chotsegula chinali choterocho, cholowa mwana yekha, ndipo a Otto ndi a Edith anasankha kusalekana ndi awo. Pamenepo ine sindiweruza, ndilibe mphamvu imeneyo.

FUNSO: Malume, ndine mnyamata wa kabaza ku Chinamwali. Tsiku lililonse ndimadutsa pa chipilala cha asilikali a KAR. Kodi agogo athu aja anakamenya nawo nkhondo yopulumutsa Ayudawo? Nanga alipo Ayuda anathawira kuno ku Africa?

YANKHO: Achimwene, agogo athu a King's African Rifles anamenyadi nkhondo yachiwiriyo koma osati ku Ulaya. Anamenyana ndi Italy ku Somaliland ndi ku Ethiopia mu 1940 ndi 1941, anapita ku Madagascar mu 1942, kenaka ku Burma kukalimbana ndi Japan, nchifukwa chake madala akale akayamba nkhani za nkhondo mumangomva Burma Burma. Misasa ya ku Poland ndi Germany inamasulidwa ndi asilikali a Soviet Union, America ndi Britain. Chodabwitsa nchakuti Madagascar yemweyo mu 1940 a chipani cha Hitler cha Nazi anali ndi pulani yokatayako Ayuda onse a ku Ulaya, inalephereka chifukwa nyanja inali m'manja mwa Britain.

Othawira ku Africa analipo koma ochepa, chifukwa nakonso zitseko zinali zolimba. Ku South Africa sitima ya Stuttgart inafika ku Cape Town mu October 1936 ndi Ayuda oposa 500, anthu ena n'kuchita zionetsero zowakana, ndipo mu 1937 boma linakhwimitsa lamulo kuti asabwerenso ambiri. Chakumapeto kwa 1940 Britain inagwira Ayuda pafupifupi 1,580 amene ankafuna kulowa ku Palestine n'kukawatsekera m'ndende ya Beau Bassin pa chilumba cha Mauritius, amuna kwaokha akazi kwaokha, mpaka August 1945, ndipo oposa 120 anafera komweko ndi matenda, manda awo alipo mpaka pano.

Koma wapafupi ndi ife ndi a Simon Zukas. Anabadwira ku Lithuania mu 1925, anafika ku Northern Rhodesia, Zambia ya lero, mu 1938 ali mnyamata wa zaka 13, patangotsala zaka zitatu kuti Ayuda a ku Lithuania ayambe kuphedwa pafupifupi onse. Atakula anagwirizana ndi anthu akuda kukana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwechija makolo athu ankachikana kuno, mpaka atsamunda anamuthamangitsa mu 1952 kupita naye ku Britain, munthu wothawa kwawo kuthamangitsidwanso kachiwiri. Zambia italandira ufulu anabwerera, m'zaka za m'ma 1990 anakhala nduna m'boma la a Chiluba, ndipo anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 96. Mukadzanyamula kasitomala wa ku Chipata pa kabaza panupo mudzamufunse za dzina limeneli.